Dazi linandipeza ndili ndi zaka 24

Amene anayamba kuliona si ine, anali wometa wanga. Linali Loweruka m'mawa mu 2022, ndili pampando wake kuseri kwa msika, nsalu ili m'khosi, makina akulira. Anameta m'mbali, anameta kunkhongo, kenako anazimitsa makinawo n'kuyamba kundisisita paliwombo ndi chala chachikulu, ngati mayi amene akuona ngati peyala lapsa.

"Akulu, apa pakupita."

"Pakupita kuti?"

"Boma layamba kumanga bwalo la ndege apa."

Anyamata amene ankadikira pabenchi anafa nazo kuseka. Inenso ndinaseka, chifukwa kwa wometa ukakwiya ndiye kuti wawapatsa nkhani ya mwezi wathunthu. Koma atandigwirira kagalasi kachiwiri kumbuyo, kuseka kunandithera. Pakati pa mutu tsitsi linalipo ndithu, koma linali lopyapyala ngati udzu wa pamsebo, khungu likuonekera pansi. Kutsogolo, m'mbali mwa mphumi, linali litalowa mkati mbali zonse ziwiri. Ndinali ndi zaka 24.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyambire kwathu. Ndine mwana wa mlimi wa fodya wa ku Kasungu. Fizi yanga yonse, kuyambira fomu 1 mpaka koleji, inachokera m'mabelo a bale amene abambo ankapititsa ku okushoni ku Chinkhoma. Ndinakula ndikuthirira nazale, ndikuthyola masamba, ndikusoka fodya m'chigafa mpaka zala kuda bii ndi utomoni. Ndikukumbuka tsiku lina ndili wamng'ono tinathyola fodya mame asanakamuke, malaya ali chinyowere, ndipo pofika masana mutu unkazungulira, ndikusanza ngati ndamwa kachasu. Amayi anati ndi dzuwa. Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadziwa kuti tsamba lonyowa limalowetsa nikotini m'thupi kudzera pakhungu. Ndiye kuti mphamvu ya chinthuchi ndinailawa ndisanayatsepo ndudu n'kamodzi komwe.

Abambo sanasutepo. Mawu awo anali akuti, "Fodya ndi wogulitsa, si wosuta." Agogo aamuna ndi amene ankapichira chingambwe m'kapepala ka kope, ndipo agogo aakazi anali ndi kabotolo ka fodya wa mphuno kamene ankamanga pansonga ya chitenje. Ine ndinayamba kusuta ndudu mu 2017 ku koleji ku Lilongwe, nthawi ya mayeso. Mnzanga wa m'chipinda anati imachotsa tulo. Ndinkagula imodzi imodzi pa okala, ndipo kugula kotereku n'koipa chifukwa suwerenga. Umangoti "ndipatseni imodzi," kasanu pa tsiku, kenako kakhumi, uku ukudziuza kuti siwe wosuta chifukwa sunagulepo paketi.

Mu 2021, nditayamba ntchito, chibwenzi changa chinanena poyera kuti fungo la m'malaya mwanga chatopa nalo. Mnzanga wina wochokera ku Joni anandibweretsera vepu, ndudu zamagetsi zija zotaya zikatha, yonunkhira mango. Pakatoni pake panalembedwa kuti 5%. Sindinafunse kuti 5% ya chiyani. Ndinkayenda monyada ndikuuza anthu kuti ndinasiya kusuta.

Apa m'pamene ndinadzinamiza kwambiri. Ndudu ili ndi mathero: imapsa, imafika pa chotsalira, umaiponda, umabwerera mkati. Komanso imakukakamiza kutuluka panja. Vepu ilibe mathero ndipo sikutulutsa panja. Ndinkakoka ndili pabedi ndisanatsuke mkamwa, ndili pa kompyuta, ndili m'bafa, ngakhale usiku ndikadzidzimuka. Ija 5% imatanthauza mamiligalamu pafupifupi 50 a nikotini pa mililita imodzi ya madzi ake, pomwe mayiko a ku Ulaya salola kupitirira 20. Ine ndinkamaliza imodzi m'masiku ochepa n'kuyamba kusaka ina.

Njala inandithawa. M'mawa tiyi ndi utsi, masana tchipisi cha pachiwaya ngati ndakumbukira, madzulo nsima mitanda iwiri ndi chilichonse. Lamba ndinabowola kachiwiri ndi msomali. Zala zanga zinkazizira ngakhale mu Okutobala, moti chibwenzi changa chikandigwira dzanja chinkati, "Iwe, uli ngati wangotuluka mu fuliji." Zonsezi sindinkazilumikiza ndi tsitsi limene ndinkalipeza papilo m'mawa, kapena limene linkatsalira pachipeso ndi pathaulo.

Atandionetsa kagalasi kaja, ndinachita zimene aliyense amachita. Ndinagula kapu. Ndinapaka mafuta a nsatsi mpaka pilo kusanduka wachikasu. Ndinafinya anyezi n'kupaka madzi ake, ndipo amene anakhala nane pafupi m'minibasi sabata imeneyo ndikupepesa lero. Ndinagula kabotolo kwa mayi wina wa pa Facebook amene ankaika zithunzi za anthu a dazi amene tsitsi linawamerera m'masiku 14. Ndalama imeneyo ikanagula thumba la chimanga. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye aliyense wokulonjezani chozizwitsa cha masabata awiri akufuna ndalama zanu basi. Nthawi yonseyi ndinkapaka mafutawo ndi dzanja lamanja, vepu ili kumanzere.

Chimene chinanditengera kuchipatala ndi amayi. Pa Khirisimasi ndinapita kumudzi, ndipo nditakhala pakhonde kupereka moni anandiuza kuti, "Vula chipewacho, ukulankhula ndi akuluakulu." Nditavula, amalume anaomba m'manja: "Eee, mphwanga walemera! Dazi ndi ndalama limeneli." Iwo ali nalo lowala ngati mbale, abambo nawonso ali nalo. Koma abambo linawayamba atadutsa zaka 40, ndipo achimwene anga, amene amandiposa ndi zaka 7 ndipo sanasutepo, anali pomwepo ndi tsitsi lawo lodzadza.

Amayi sanaseke nawo. Madzulo anandiitanira kukhitchini, anandiyang'ana khosi, anandiyang'ana manja, n'kufunsa chapansipansi, "Mwana wanga, usandibisire. Ukudwala?" Aliyense amene anakulira kuno akudziwa funso limene linali kuseri kwa funsolo. Mnyamata akaonda tsitsi n'kupepuka, anthu sayamba aganiza za fodya. Ndinawatsimikizira kuti ndili bwino, koma usiku umenewo sindinagone.

Mu Januwale 2023 ndinapita kukaonana ndi dokotala. Anali mayi wachikulire, wosafulumira. Anandiyang'ana m'mutu ndi tochi, anagwira tsitsi pang'ono n'kukoka mopepuka malo angapo, n'kuwerenga limene latsalira m'zala zake. Anandifunsa ngati ndadwalapo malungo aakulu miyezi yapitayi, ngati m'mutu mumayabwa, ndi ngati kwathu kuli a dazi. Kenako ananditumiza kukayezetsa magazi: HIV, chindoko, chithokomiro ndi kuchuluka kwa magazi. Anandiuza kuti chindoko chikakhalitsa chimatha kuthothola tsitsi mwa apo ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo chithokomiro chikasokonekera tsitsi limayoyokanso. Zonse zinatuluka bwino kupatula chimodzi: magazi anali ochepa pang'ono, ayironi anali wotsika.

"Mumasuta?"

"Ayi adokotala, ndinasiya. Pano ndi vepu chabe."

Anavula magalasi. "Chabe?"

Zimene anandifotokozera ndizilemba mmene ndinazimvera. M'mutu mwanga munkachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba ndi dazi lakumtundu. Thupi la mwamuna limasandutsa mbali ina ya testosterone, mahomoni achimuna, kukhala mahomoni otchedwa DHT, ndipo kwa anthu amene anatengera kwa makolo, DHT imafooketsa mizu ya tsitsi la kutsogolo ndi la paliwombo pang'onopang'ono. Tsitsi limamera lopyapyala, kenako lalifupi, kenako muzu umangogona. Ichi ndinabadwa nacho. Chachiwiri ndi kuyoyoka kwa mutu wonse, kumene kumabwera thupi likapanikizika: matenda aakulu, kuonda mofulumira, kuchepa kwa magazi, nkhawa, kusagona. Munthu aliyense amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100 pa tsiku osazindikira, koma thupi likapanikizika mizu yambiri imapuma nthawi imodzi, ndipo tsitsi limadzagwa patapita miyezi iwiri kapena itatu. N'chifukwa chake anthu ambiri saona kugwirizana kwake: chimene chakugwetsera tsitsi lero chinachitika kale.

Nanga fodya akulowa pati? Anati muzu uliwonse wa tsitsi umadyetsedwa ndi timitsempha ta magazi tating'ono kwambiri, ndipo nikotini imafinya mitsempha. N'chifukwa chake zala zanga zinkazizira, ndipo n'chifukwa chake madokotala amauza osuta kuti asiye asanachitidwe opaleshoni, popeza bala la wosuta limachedwa kupola. Utsi wa ndudu umawonjezera zake: uli ndi mpweya woipa wa carbon monoxide umene umalanda malo a okosijeni m'magazi, ndi zinthu zina zambiri zowononga maselo. Pamwamba pa izo, nikotini imapha njala, ndipo munthu wosadya bwino tsitsi ndilo limayamba kumanidwa, chifukwa thupi limasamala mtima ndi ubongo kaye.

Akulankhula choncho, ine ndinkaona nazale ya abambo. Mbande za fodya n'zosakhwima, zimafuna keni m'mawa ndi madzulo. Ukachepetsa madzi sizifa tsiku lomwelo. Zimayamba kufiira, zimapinimbira, ndipo zimene zinali zofooka kale ndizo zimayamba kupita. Mizu yanga ya paliwombo inali yofooka kale chifukwa cha mtundu, ndipo ine kwa zaka zisanu ndinkaichepetsera madzi.

Dokotala uja sanandinamize, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Anati, "Sindikuuzani kuti fodya ndiye wakupatsani dazi. Mbewu munabadwa nayo. Koma mlendo amene akanabwera muli ndi ana kusekondale, mwina inu mwamutumizira thiransipoti."

Nditabwerera kunyumba ndinafufuza ndekha, chifukwa mumtima ndinkafuna kupeza poti ndimutsutse. Ndinapeza kafukufuku wa ku Egypt amene anatuluka cha mu 2020, wa amuna 1,000 a zaka za pakati pa 20 ndi 35, theka osuta, theka osasuta. Mwa osuta 500, amene anali ndi zizindikiro za dazi anali 425. Mwa osasuta 500, anali 200. Wina wakale, wa ku Taiwan wa mu 2007, anaona amuna 740 a zaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo anapezanso kuti dazi lalikulu linkapezeka kwambiri mwa osuta. Kafukufuku wotere amangoonetsa kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, satsimikiza kuti china chabala chinzake. Osuta ambiri amamwanso mowa, amagona mochedwa, amadya mwa apo ndi apo, ngati mmene ndinkachitira ine. Komanso amene ankawafufuzawo anali osuta ndudu, osati a vepu. Ndinagwira mfundo imeneyi kwa masiku awiri ngati chishango. Koma nikotini ya mu vepu ndi yomweyo ya mu ndudu, imafinya mitsempha chimodzimodzi, ndipo ine ndinkailowetsa yambiri kuposa kale. Zala zanga zozizira zinali umboni wokwanira kwa ine.

Kusiya ndinalephera kawiri. Koyamba ndinatha masiku anayi. Chibaba cha fodya musachimve kwa wina: mutu umalemera, ukali umangobwera wokha, ndinakalipira kondakitala chifukwa cha chenji cha K50 mpaka anthu kundiyang'ana. Masiku atatu oyamba ndiwo oopsa, kenako chimayamba kubwera mwa mafunde. Kachiwiri ndinatha masabata atatu, n'kugwa Lachisanu lina tikuonera mpira, botolo lili m'manja, mnzanga atangoti, "Aise, koka kamodzi, sufa." Apo ndinaphunzira kuti kwa ine mowa ndi fodya ndi mapasa, ndipo kuti ndisiye wina ndinayenera kupatukana ndi mnzakeyo kwa miyezi ingapo.

Kachitatu ndinakonzekera. Ndinasankha tsiku, ndinauza achimwene ndi chibwenzi changa, ndinauza anzanga kuti amene andipatse vepu si mnzanga. M'thumba ndinkayenda ndi mtedza wokazinga, ndipo madzulo ndinkagula nzimbe, chifukwa pakamwa ndi m'manja zimafuna chochita. Chibaba chikabwera ndinkatuluka n'kuyenda mpaka pamphambano ndi kubwerera. Nthawi zambiri pofika pageti chinkakhala chitadutsa. Dokotala anali atanditchulira chingamu ndi zomata pakhungu za nikotini zimene zimapezeka m'mafamase ena, zothandiza kutsika pang'onopang'ono. Ine sindinazigwiritse ntchito chifukwa cha mtengo, koma amene zikumukanika asachite nazo manyazi. Kuyambira Epulo 2023 sindinakokenso.

Njala inabwerera ngati ya munthu wochokera kumunda. Ndinamwa mapiritsi a ayironi amene anandilembera, ndipo ndikuti anandilembera chifukwa awa si omwa mwachisawawa usanayezetse. Ndinabwerera ku zakudya zimene ndinkazinyoza: nyemba, usipa, bonongwe, chisoso, mazira, chiwindi ndikapeza ndalama. Za dazi lakumtundu lija anandiuza za minoxidil wa 5%, mankhwala opaka amene poyamba anapangidwa ngati a kuthamanga kwa magazi. Anandichenjeza zinthu zitatu: masabata oyamba tsitsi likhoza kugwa kwambiri, zotsatira zimaoneka pakatha miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo ukasiya kupaka, chimene unapeza chimabwerera. Zonse zitatu zinachitikadi. Mwezi woyamba ndinatsala pang'ono kutaya botololo. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unalumpha moti ndinakhala miyezi iwiri osapaka, n'kuona ndekha paliwombo pakuyambanso kuwala. Anatchulanso mapiritsi a finasteride, amene amachepetsa DHT, koma atandiuza kuti amuna ena amawachepetsera chilakolako cha m'banja, ine ndi ukwati uli pafupi ndinati tiyambe taona zinazi. Amenewo ndi ofunika kulemberedwa ndi dokotala, ndipo mayi woyembekezera sayenera kuwamwa.

Chinthu chimodzi chimene ndinachita bwino n'kujambula. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse chibwenzi changa, amene pano ndi mayi a kunyumba, ankandijambula pamutu ndi foni, pakhonde, nthawi yofanana, tsitsi litametedwa mofanana. Galasi limanama, limatengera mmene wadzukira. Zithunzi sizinama. Mwezi wachinayi papilo panayamba kuyera. Mwezi wachisanu ndi chitatu paliwombo panali patadzadza moti khungu linkaoneka pokhapokha dzuwa likakhala pamutu. M'mbali mwa mphumi simunabwerere, ndipo ndinasiya kudikira. Ndinasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, fodya, chakudya ndi mankhwala, ndiye ulemu ndimaugawa patatu. Koma zala zinasiya kuzizira mankhwala opaka asanayambe n'kugwira komwe, ndipo tulo ndi njala zinabwera chifukwa cha kusiya fodya basi.

Anzanga akandifunsa, ndimayamba ndawafunsa mmene tsitsilo likugwera, chifukwa si kuthothoka konse kumene kuli ngati kwanga. Ngati pali malo ozungulira osalala ngati ndalama yachitsulo, amenewo ndi matenda ena, a chitetezo cha m'thupi. Ngati pakuyabwa, pali mamba ndipo tsitsi likuduka, chikhoza kukhala chipere, mwina chochokera ku makina ometera osatsukidwa, ndipo chimenecho chimafuna mankhwala akumwa. Mlongo wanga tsitsi linamuthera kutsogolo chifukwa cha kuluka kokoka kwambiri ndi mawigi omata. Amayi ambiri limayoyoka miyezi ingapo atabereka, n'kubwerera lokha. Munthu amene wadwala malungo aakulu kapena taifodi asadabwe likayamba kugwa atachira kale. Zonsezi mafuta a nsatsi sangazisiyanitse, amene angazisiyanitse ndi wachipatala, ndipo mukapita mukanene zoona za zimene mumasuta. Shisha ya Loweruka ija, yokokera utsi m'botolo la madzi, ngakhale inunkhire apozi, nthawi zambiri ndi fodya ndithu, ndipo madzi a m'botolomo sachotsa nikotini. Timatumba ta nikotini toika kuseri kwa mlomo nato n'chimodzimodzi, ndi fodya wa agogo uja wangovala suti.

Abambo ndinawauza zonse chaka chatha tili m'chigafa, tikusankha masamba. Anamvetsera osayankha, kenako anakweza tsamba limodzi lalikulu kuliyang'anitsa kudzuwa n'kunena kuti, "Ndinakuuza kuti ndi wogulitsa." Sanawonjezere kanthu, ndipo ine sindinawafunse kuti nanga amene timawagulitsawo mitu yawo ili bwanji. Fizi yanga inachokera pomwepo.

Wometa wanga ndi yemwe uja. Mwezi wathawu anazimitsanso makina pakati pa ntchito, anandisisita paliwombo ndi chala chomwe chija, n'kutembenukira kwa anyamata a pabenchi.

"Bwalo la ndege lija mukulikumbuka? Kontilakita anathawa, ntchito anaisiyira panjira."

Kenako anandigogoda m'mbali mwa mphumi, mbali zonse ziwiri. "Koma misewu yolowera anamaliza."